Pepala Lokulungira Mtedza

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kwaya. Nditamaliza Fomu 4 ndinakhala pakhomo ku Chilomoni zaka ziwiri, ndikutsuka mbale ndi kulimbirana wayilesi ndi achimwene anga. Bambo, omwe anachoka ku Chikwawa kudzagwira ntchito yaulonda m'tauni muno, anandilembetsa kosi ya kompyuta ya miyezi itatu, ndipo chimene ndinatolako chenicheni n'kutayipa mofulumira. Ku tchalitchi kwathu akafuna mapepala a nyimbo ankatuma ine kukatayipitsa pa kashopu ka bambo Nyozani, pafupi ndi siteji ya maminibasi. Tsiku lina, Pasaka atayandikira, ndinapeza mtsikana wotayipa atathawa ntchito, bambo Nyozani akusakasaka zilembo ndi chala chimodzi. Ndinapirira mphindi khumi, kenako mtima unandikwera.

"Bambo, tasunthani nditayipe ndekha. Pasaka atipeza pompano."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kusuntha. Nditamaliza anangoti, "Mawa seveni koloko. Usachedwe."

Kashopuko kanali chipinda chimodzi chopanda siling'i. Munali kompyuta imodzi, pulinta, makina a fotokope akale omwe bambo Nyozani anagula kwa munthu wochokera ku Joni, makina omatira masatifiketi m'pulasitiki, chodulira mapepala, ndi sitepula yaikulu imene inkandiluma chala sabata iliyonse. Tinkatayipa makalata ofunsira ntchito, mapologalamu a maliro, makhadi a ukwati ndi a chinkhoswe, komanso mayeso a ana asukulu. Anthu a ku Chilomoni ndinawadziwira pamenepo: amene akusaka ntchito, amene waferedwa, ndi amene akukwatira kachiwiri mkazi woyamba asakudziwa.

Makina a fotokope aja ndi amene anandiphunzitsa ntchito, chifukwa anali ndi makani. M'mawa umayamba wapukuta galasi ndi kansalu kofewa, osati kamene wapukutira tebulo. Ukatsegula rimu ya mapepala umayamba waipinda uku ndi uku n'kuyendetsa chala m'mphepete kuti mapepala alekane, makamaka nyengo ya chiperoni pamene chinyezi chimawamatanitsa. Inki ya ufa, imene timaitcha tona, ikayamba kuchepa, umasolola katiriji n'kuigwedeza chopingasa kasanu, ndipo imakupatsanso masamba angapo. Pepala likakakamira mkati umatsegula chitseko cha m'mbali n'kulikoka pang'onopang'ono molowera kumene limapita, osakhudza pamene pakutentha. Ine ndinakhudzapo kamodzi, chipsera ndikadali nacho.

Bambo Nyozani anali ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza mpaka kutopetsa: "Pepala silitayidwa pano." Makina aja akangoyatsidwa, kapena tona akamatha, makope ena ankatuluka otuwa kapena a mizeremizere, oti kasitomala sungamupatse. Onsewo tinkawaponya m'katoni pansi pa tebulo. Katoni ikadzaza ankadzatenga amake Zuze, mayi wa ku Nsanje yemwe ankagulitsa mtedza wokazinga pa siteji. Ankadula pepala pakati, kulikulunga ngati nyanga, n'kuthiramo mtedza. Ifenso ankatisiyirako woti tizitafuna masana. Anali wamasiye wolera zidzukulu ziwiri, ndipo kutchalitchi tinali mphakati umodzi, tinkapemphera limodzi m'nyumba za kudera kwathu. Akasenza katoni ankati "Takhuta," monga tithokozera kwathu kuchigwa. Palibe amene ankaonapo cholakwika. Anthu ambiri a ku Chilomoni anadyera mtedza m'makalata ofunsira ntchito a anzawo.

Ndinali nditagwira chaka ndi miyezi ingapo pamene zinthu zinayamba kuthina m'dziko. Zinali zaka zija mafuta a galimoto ankasowa, maminibasi n'kumaswera pamzere, ife n'kumayenda wapansi kuchoka ku Chilomoni mpaka m'tauni. Koma chimene chinkandisowetsa mtendere si kuyenda ayi, koma mmene anthu anayambira kutseka pakamwa. Pawayilesi tinkamva kuti kwabwera lamulo loti apolisi angathe kufufuza m'nyumba ya munthu popanda chikalata cha khoti, komanso lina loti nduna ingathe kutseka nyuzipepala ikaona kuti sikulemba zoikomera. Mu minibasi anthu akamadandaula za shuga ndi sopo, n'kukwera munthu wachilendo wa nsapato zopolishidwa, nkhani inkasanduka ya mpira nthawi yomweyo. Bambo Nyozani, omwe kale ankatsutsana ndi wayilesi mokweza ngati ikuwamva, anayamba kuitsitsa pologalamu yoimba foni ikangoyamba. Ine zinkandinyansa. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu komanso pakamwa posatseka, ndipo ndinkaona ngati akuluakulu onse asanduka amantha.

Lachiwiri lina bambo Nyozani anapita ku Limbe kukasaka tona, yemwenso anali atayamba kusowa. Cha m'ma teni koloko analowa a Mofolo, mphunzitsi wa pulayimale yemwe ankabwera kawirikawiri ndi mayeso a ana. Tsiku limenelo anaima pakona mpaka makasitomala onse atatuluka, kenako anatulutsa pepala long'ambidwa m'kope, lolembedwa pamanja.

"Chemwali, mundipangire makope mazana awiri. Koma chonde musasunge mu kompyuta."

Inali mizere yochepa chabe, yolimbikitsa anthu a m'dera lathu kuti asaope kufunsa boma mafunso. Pansi panalibe dzina. Ndinatayipa mumtima ndikukondwa kuti pomaliza wapezeka munthu wolankhula, ndipo ine ndili nawo. Nditamaliza ndinafufuta fayilo, ndinalowanso mu bini ya kompyuta n'kufufutanso, pepala lapamanja lija ndinawabwezera eni ake. Ndinadzitama kuti ndine wochenjera. Koma tona anali atatsala pang'ono, ndipo makope khumi ndi angapo anatuluka otuwa. Dzanja linachita zimene linazolowera, linawaponya m'katoni, mutu osadziwa n'komwe. Lachitatu m'mawa amake Zuze anadzatenga katoni ija.

Lachisanu cha m'ma leveni, ndikumata satifiketi ya munthu, pakhomo panada. Analowa amuna awiri ovala wamba, wina wamtali wina wamfupi. Pakati pawo panali amake Zuze, chitenje chitamasuka mbali imodzi, lichero lawo la mtedza lili m'manja mwa wamfupi. Wamtali anayala patebulo theka la pepala lamafutamafuta, lokwinyika. Ndinalizindikira ndisanawerenge n'komwe. Ndinamva pambuyo pake kuti mkuluyo anagula mtedza pa siteji, n'kudya bwinobwino, ndipo atamaliza anafunyulula pepala kuti apukutire m'manja.

"Ndife apolisi. Izi zatuluka muno?"

Bambo Nyozani anaimirira. "Bwana, chikalata chofufuzira muli nacho?"

Wamfupi anaseka. "Madala, wayilesi muli nayo koma simumvera. Zachikalatazo zinatha."

Anakhuthula madirowa pansi, anang'amba maenvulopu a makasitomala n'kumawerenga makalata a eni ake, anaponda makhadi a ukwati omwe ndinali nditangowadula kumene. Kenako anazula mawaya a kompyuta n'kuinyamula. Tonse atatu anatitengera ku polisi wapansi, poti nawonso galimoto yawo inalibe mafuta. Tinadutsa pa siteji dzuwa lili pamutu. Anthu omwe ankadya mtedza wa amake Zuze tsiku ndi tsiku anayang'ana kumbali, wina n'kumamanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Ndinawada onsewo, koma nanenso ndinkayenda nditazyolika.

Titafika ndinavomera kuti anatayipa ndine, Lachiwiri, abwana kulibe. Bambo Nyozani anawalembetsa sitetimenti n'kuwauza kuti azipita. Ine anandikhazika pampando wopanda chotsamira, wamtali uja atakhala patsogolo panga.

"Anabweretsa ndani?"

"Sindikumukumbuka, bwana. Amabwera anthu ambiri."

"Munthu kukubweretsera zoterezi, iwe osamuona nkhope?"

"Ine ndimayang'ana kiyibodi, bwana."

Sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa kwambiri. Analoza amake Zuze, omwe anali atakhala pabenchi manja ali pamaondo.

"Mayi awa tawagwira akugawa mapepala oyambitsa chisokonezo. Aliyense wogula mtedza amalandira lake. Umenewo ndi mlandu waukulu, sisi."

"Koma sadziwa kuwerenga!" ndinakuwa. "Ngakhale posayina amadinda ndi chala!"

"Akanena zimenezo kukhoti. Khoti ndi Lolemba, ngati fayilo yakonzeka. Koma iwe ukakumbukira dzina, akagona kwawo lero lomwe. Pita ukaganize. Kumene umakhala tikukudziwa."

Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene ankanditulutsira ine wotayipa n'kusunga munthu wosalakwa. Ankadziwa kuti ndikakhala mkati ndikhoza kuuma mutu, koma ndikakhala kunja, mayi aja ali mkati, mtima udzandidya ndekha. Ndikutuluka, amake Zuze anandiitana. Za mlandu sanatchuleko.

"Sitela, ana aja akaweruka apeza pakhomo potseka. Kiyi ali pansi pa mtondo."

Ndinayamba ndapita kukatenga anawo n'kukawasiya kwa mayi anga. Kenako ndinalowera mumsika, kutulukira mbali ina, ndikucheukacheuka ngati pali wonditsatira, n'kukwera mtunda kupita kwa a Mofolo. Ndinawapeza pakhonde akuchonga makope a ana. Sindinapereke ngakhale moni.

"Aphunzitsi, mapepala anu aja atsekeretsa munthu m'chitokosi. Tiyeni mukanene kuti ndi anu."

Nditawafotokozera zonse anaika cholembera pansi. Nkhope inawagwa.

"Chemwali, tinalemba anthu asanu ndi mmodzi. Wina ndi namwino, ali ndi mwana woyamwa. Ine ndimadzidziwa, si wolimba. Akangondiomba mbama ziwiri nditchula onse."

"Ndiye amayi aja agone m'malo mwanu?"

"Ndipita kwa bambo mfumu panopa, ndipo loya ndimupeza. Koma dzina langa lili m'manja mwanu. Mukafuna kukalinena, sindingakuletseni."

Ndinawanyoza, munthu wamkulu woyenera kumupatsa ulemu. Ndinawauza kuti kulemba n'kosavuta ngati wokagona pasimenti ndi wina. Koma ndikutsika mtunda uja mawu omwewo anayamba kundibwerera, chifukwa amene anaponya mapepala m'katoni sanali a Mofolo.

Pamphambano, pomwe njira ya ku polisi imasiyana ndi ya kwathu, ndinaima nthawi yaitali moti mayi wina wogulitsa tomato anandifunsa ngati ndataya china chake. Ndinayamba kulowera ku polisi, ndinabwerera, ndinayambanso. Masiku amenewo tinkamva za anthu otengedwa chifukwa cha zolemba, abale awo n'kumazungulira osadziwa kumene awasunga. Ndinaika mbali ina mayi mmodzi masiku atatu, mbali ina anthu asanu ndi mmodzi kwa nthawi imene palibe angaidziwe. Ndinasankha kutseka pakamwa n'kupita kunyumba. Ndisaname kuti ndinadziona ngati ngwazi. Ndinadziona ngati wakuba, chifukwa masiku amene ndinkapereka aja sanali anga.

Loweruka ndi Lamulungu ndinkapititsa phala ndi tiyi kwa amake Zuze ku polisi. Wapolisi wa pakauntala ankati ndilawe kaye iye akuona, kenako n'kulowetsa yekha, ine osaloledwa kuwaona. Ulendo uliwonse wamtali uja ankatulukira kwinakwake n'kundimwetulira.

"Wakumbuka, sisi?"

"Ayi, bwana."

"Chabwino. Ife sitikufulumira."

Kunyumba zidzukulu zija zinkafunsa kuti agogo abwera liti. Mayi anga ankayankha kuti mawa, maso ali pa ine. Sanandifunse kanthu mayi anga, koma ndikukhulupirira kuti ankadziwa. Sindinkatha kukhala pansi. Ndinachapa zovala zoyera kale, ndinasesa pabwalo kawiri, ndinapita ku Misa osamva ngakhale liwu limodzi la ulaliki. Lolemba ndinalawirira kukhoti n'kukhala pabenchi mpaka masana, koma dzina la amake Zuze silinaitanidwe. Anati fayilo sinakonzeke. Tsiku limenelo ndinafika mpaka pakhomo la ofesi ya wamtali uja dzina la a Mofolo lili kukamwa. Ndinamva munthu akulira m'chipinda choyandikana nacho, kulira kwa bambo wamkulu, ndipo ndinabwerera.

Lachiwiri amayi a mphakati wathu anapita onse atavala zitenje za tchalitchi. Sanaimbe, sanakuwe, anangokhala pansi panja pa polisi n'kumadikira. Bambo mfumu analowa mkati ndi loya amene a Mofolo anamupeza. Cha m'ma thu koloko amake Zuze anatuluka atagwiririra khoma. Panalibe mlandu, panalibenso pepani. Lichero lawo silinabwerere. Kompyuta yathu inabwera patatha miyezi itatu, mkati mulibe chilichonse, ngakhale nyimbo za kwaya.

Bambo Nyozani sanandichotse ntchito, koma anatha sabata osandilankhula. Atatsegula pakamwa anati, "Kuyambira lero, pepala lililonse lokhudza boma uziti makina awonongeka." Ndipo ine wa pakamwa posatseka uja ndinamvera. Ndinabweza ngakhale bambo wina wokalamba amene ankangofuna kulembera khansala za ngalande yotsekeka. Wapolisi sanabwerenso pashopu paja, ndipo sankafunikanso kubwera, poti ntchito yake ndinali nditayamba kumugwirira ndine.

Panapita masiku asanu ndisanalimbe mtima kukaona amake Zuze. Ndinawapeza pakhonde atatambalala, miyendo itatupa, akutsokomola. Ndinagwada n'kupereka moni. Anayankha bwinobwino, kenako anauza zidzukulu kuti zikasewere kuseri.

"Iwe Sitela, mwini mapepala aja unkamudziwa?"

Bodza ndinali nditalikonza njira yonse, koma linakana kutuluka.

"Ee, amayi."

"Lachisanu lomwe lija?"

"Ee."

Anayang'ana miyendo yawo. "Masiku anayi. Pogona n'kusinthana, ndowa imodzi tonsefe. Ine msinkhu uno."

Ndinayamba kufotokoza za namwino ndi mwana woyamwa, mawu akuphonyana ndi misozi, koma anakweza dzanja.

"Zimenezo usiye. Tandiuza, panalembedwa chiyani? Onse aja amangondifunsa kuti ndawatenga kuti. Palibe ndi mmodzi yemwe anandiwerengera."

Wotayipa saiwala msanga zimene zadutsa m'zala zake. Ndinawanenera zonse monga zinalili. Kuti m'chipatala muzikhala mankhwala. Kuti munthu asamangidwe chifukwa chodandaula. Kuti apolisi asalowe m'nyumba ya munthu popanda chikalata cha khoti. Kuti wogwidwa azionekera kukhoti msanga, asamaiwalidwe m'chitokosi. Kuti kufunsa boma si kuukira boma.

"Basi?"

"Basi, amayi."

"Zomwe timanena pampope m'mawa uliwonsezi?" Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo ndinadikira kuti chiwasiye. "Apa bodza palibepo. Ukanandiwerengera tsiku lija, mwina ndikanakulungira mtedza dala, n'kumaona woti ndimupatse. Mwinanso ndikanakana, poti ndili ndi ana awa. Koma ndikanasankha ndekha. Iwe ndi aboma aja mwandichita chimodzimodzi. Nonse mwandisankhira."

Ndinali nditazolowera kuganiza kuti opondereza anthu ndi amene ali ndi maunyolo ndi maofesi. Sindinaganizepo kuti inenso, ndi kasukulu kanga ka Fomu 4, ndingasenzetse munthu katundu amene sakumudziwa, kenako n'kumugamulira masiku oti avutike osamufunsa.

Pa siteji paja amake Zuze sanabwererenso, ankangogulitsira pakhomo. Ine ndinagwira kwa bambo Nyozani zaka zina ziwiri, ndipo lero ndili ndi kashopu kangakanga ku Zingwangwa. Boma ndimalidandaulabe mokweza, ndipo makalata opita kwa akuluakulu sindibwezanso. Mukandifunsa ngati ndikanatchula dzina lija Lachisanu litabwereranso, ndinena zoona kuti mwina sindikanatchulabe. Koma akabwera munthu wosadziwa kuwerenga ndi pepala loti akadinde chala, kaya ndi la malo, la chipani kapena la ntchito, ndimaimitsa makina n'kumuwerengera lonse mokweza, kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngakhale mzere ufike pamsewu. Ena amanyinyirika kuti ndikuwachedwetsa, ndimawauza kuti shopu ina ili kutsidya.

Amake Zuze anamwalira zaka zingapo zapitazo. Pologalamu ya maliro awo ndinatayipa ndine. Sanandiuzepo kuti andikhululukira, ndipo ine sindinalimbe mtima kuwafunsa.